Kapu imodzi ya phala



Nkhani iyi ndakhala nayo mumtima miyezi ingapo. Ndisanailembe ndinayamba ndapempha chilolezo kwa mayi anga, poti ndi nkhani ya thupi lawo. Anangoti, "Lemba, koma chipatala usachitchule dzina, anthu aja anandisamala." Ndiye sindichitchula.

Funso lomwe limandisowetsabe tulo ndi ili. Ukapatsidwa uthenga wokhudza moyo wa munthu kuti ukaupereke kwa wina, udindo wako umatha liti? Mawu akangotuluka pakamwa pako, kapena winayo akamva zomwe ukutanthauza? Kale ndikanayankha msangamsanga kuti ine ndanena, zotsalazo ndi za womvayo. Pano sindingayankhenso choncho.

Mayi anali ndi chotupa m'mimba chomwe chinkawatayitsa magazi. Amene munadwazikapo mukuudziwa ulendo wake. Mumayambira pa chipatala chaching'ono cha kwanu. Akaona kuti zawakulira amakulemberani kalata yopita ku chipatala cha boma la kwanu, ndipo nakonso zikakanika mumatumizidwa ku chimodzi mwa zipatala zikuluzikulu zinayi: Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central. Pakhomo lililonse mumapeza munthu watsopano, ndipo nkhani mumaiyambiranso pachiyambi. Chomwe chimayenda nanu njira yonseyi ndi kabuku ka kuchipatala kaja, ndi mutu wa gadiyani. Basi.

Ndipo pakhomo lililonse kanthu kena kamagwa. Ife kabuku kakale kanali katadzaza, tinagula katsopano, kakaleko n'kutsala m'sutikesi kumudzi. Mmenemo ndi mmene munali pepala la sikani ndi dzina la mapiritsi a BP omwe mayi ankamwa. Adokotala atafunsa kuti ndi mapiritsi anji, mayi anati, "Aja oyera, ang'onoang'ono." Mapiritsi oyera ang'onoang'ono alipo mitundu ingati pa dziko lapansi? Tinachita kutumiza uthenga kumudzi, kabukuko n'kubwera ndi kondakitala wa minibasi patatha masiku awiri. Kenako anapezeka kuti magazi ndi ochepa, sangawachite opaleshoni. Anawapatsa mapiritsi owonjezera magazi, tinabwerera kunyumba, tinadikira. Achimwene anga ndi anzawo awiri a ku mzikiti anakapereka magazi. Kuchokera tsiku lomwe anatiuza koyamba kuti pakufunika opaleshoni kufika tsiku lomwe dzina la mayi linalembedwa pa mndandanda, inadutsa miyezi isanu ndi iwiri. Sungani nambala imeneyi, muona chifukwa chake.

Madzulo a tsiku loti mawa ndi opaleshoni, anabwera adokotala ogonetsa odwala. Anawayasamulitsa mayi n'kuyang'ana kukhosi, anafunsa za mano ogwedera, za mphumu, ngati pali mankhwala omwe amawawenga, ngati anayamba achitidwapo opaleshoni, ngati akumwa mankhwala azitsamba. Pomaliza anati kuyambira 12 koloko usiku asalowetse kanthu kalikonse pakamwa, kupatula piritsi limodzi la BP mmawa ndi kamadzi kongomezera. Pa fayilo analemba zilembo zitatu, NPO. Ine ndinalipo, ndinamva bwinobwino, ndinagwedeza mutu.

Ndinali nditagona pansi pa bedi la mayi masiku anayi. Tsiku lomwelo azakhali anali atafika kuchokera kumudzi kudzandilandira kuti ndikagone usiku umodzi kwa msuweni wanga m'tauni, ndikasambe bwino, ndikachape. Tinakumana pa geti, wa kabaza akundidikira, Maghrib ikuyandikira. Ndinawapatsa makiyi a kalokala, ndinawaonetsa komwe magadiyani amaphikira, ndipo ndikukwera njinga ndinati, "Azakhali, mawa mmawa ndi opaleshoni, ndiye asadye." Anati, "Chabwino mwana wanga, pita ukapume."

Asadye. Liwu limodzi.

Inu mukudziwa mmene timalankhulira kwathu. Munthu wamwa tiyi ndi zitumbuwa, wakazinga chimanga, wadya mango asanu, koma ukamufunsa madzulo amati, "Lero sindinadye." Ndipo sakunama. Kudya ndi nsima. Ine ndinakulira m'nyumba momwe liwu limeneli limatanthauza zimenezo, ndipo ndinali ndikudziwa. Koma pa geti paja ndinalitenga liwu la adokotala, lomwe limatanthauza chilichonse, ndikuliponya m'khutu la munthu yemwe kwa iye limatanthauza nsima, osalimasulira.

Mmawa nditaswali Fajr ndinathamangira ku wodi. Ndinapeza mayi atakhala pabedi, atasamba, tasbih m'manja. Pa lokala panali fulasiki ndi kapu, m'kapumo muli zotsalira zoyera.

"Azakhali, kapuyi?"

"Ndawapatsa kaphala pang'ono atangomaliza kupemphera. Munthu angapite bwanji kokang'ambidwa m'mimba muli mbee? Nsima sindinawapatse ayi, monga unanenera."

Linali phala la mgaiwa, lothira nsinjiro ndi mkaka. Anadzuka 4 koloko, anakoleza moto kumalo kwa magadiyani kuja mumdima, anaphika ndi manja awo. Mayi nawo anali atamva zomwe adokotala ananena, koma anali ndi mantha, anali ofooka, ndipo kukana chinthu chomwe alamu awo adzukira usiku kukaphika sikophweka kwa mayi wa msinkhu wawo. Anamwa kapu yonse cha m'ma 5 koloko. Pa mndandanda anali oyamba, 8 koloko.

Ndinatuluka panja n'kuimbira amalume, omwe anatilipirira thiransipoti maulendo onsewa. Anakhala chete kaye, kenako anati, "Iwe, usakanene. Ndi phala chabe. Miyezi isanu ndi iwiri! Akakuchotsani pa mndandanda mudzabwereranso liti? Zonse zili m'manja mwa Allah."

Apa ndi pomwe ndikufuna tiime pang'ono, chifukwa sindikufuna kudzionetsa ngati ndinali wolungama. Nditabwerera, anesi anafika ndi pepala lawo n'kufunsa, "Amayi, mwadya?" Mayi anandiyang'ana, kenako anati, "Ayi." Ine ndinakhala chete. Anesi anachonga n'kupita pa bedi lina.

Ndipo m'mutu mwanga munabwera ganizo lomwe mpaka lero limandichititsa manyazi: komatu sitinaname. Mayi sanadye. M'Chichewa cha kwathu sanadye. Liwu lomwe lija linasokoneza azakhali usiku, mmawa uno linanditsegulira khomo lothawira. Ndikanatha kulumbira kuti palibe bodza lomwe latuluka pakamwa pa aliyense. Koma ndinkadziwa chomwe anesi ankafunsa, ndipo ndinkadziwa chomwe anamva. Azakhali analakwitsa tanthauzo osadziwa. Ine ndinali kulibisa tanthauzolo ndikudziwa. Mawu ake ndi amodzimodzi, koma zinthu ziwirizi sizifanana ngakhale pang'ono.

Mwina wina akufunsa ngati amalume kuti phala lavuta chiyani. Munthu akagonetsedwa ndi mankhwala a opaleshoni, sikuti maso okha ndi omwe amagona. Kutsokomola, kumeza, ndi kamphamvu kaja kamene kamatseka njira ya mpweya chinthu chikalowera kolakwika, zonsezi zimagona nawo. Ngati m'mimba muli chakudya, chikhoza kubwerera kukhosi n'kutsikira m'mapapo, pamodzi ndi asidi wa m'mimba yemwe amawotcha mapapowo. Munthu ali maso akanatsamwa n'kutsokomola, koma wogonetsedwa sangathe. Dokotala wina wa ku New York, Curtis Mendelson, anafotokoza vutoli mu 1946 atawona zomwe zinkachitikira amayi ogonetsedwa pobereka, ndipo mpaka pano limatchedwa ndi dzina lake. N'chifukwa chake malangizo omwe amatsatidwa m'maiko ambiri amati pasakhale chakudya kapena mkaka kwa maola osachepera 6 munthu asanagonetsedwe, ndipo madzi oyera enieni alekedwe kutatsala maola awiri. Zipatala zambiri zimangoti kuyambira pakati pa usiku kuti pasakhale chisokonezo. Ngakhale amene akukabayidwa jakisoni wa pamsana amauzidwa zomwezo, poti zinthu zikasintha mkati mwa opaleshoni angafunike kumugonetsa yense. Phala la nsinjiro ndi mkaka, patangodutsa maola atatu, linali likadali m'mimba.

Zonsezi mwatsatanetsatane ndinazidziwa pambuyo pake. Mmawa umenewo ndinkangodziwa kuti adokotala ananena molimba, ndipo munthu sanena molimba choncho popanda chifukwa.

Anawakweza mayi pa tirole, ine ndikutsatira pambuyo ndi chitenje chawo m'manja. Pakhomo la ku fiyeta tinapeza adokotala a dzulo aja. Anafunsa dzina, ngakhale ankawadziwa. Anafunsa kuti abwera kudzachitidwa chiyani, ngakhale zinali zolembedwa. Kenako anati, "Chomaliza kulowa pakamwa panu n'chiyani, ndipo inali nthawi yanji?"

Funso limenelo linalibe pobisala. Sanafunse ngati adya. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka mawu akuti, "Amwa phala 5 koloko, la mkaka."

Sanakalipe. Anangopuma mozama n'kunena kuti ayesa kuwaika kumapeto kwa mndandanda, masana. Masana kunabwera anthu ovulala pa ngozi ya pamsewu, fiyeta inadzaza, tsiku linatha. Tsiku lina lopezeka linali patatha masabata awiri.

Kale kufunsa kobwerezabwereza kwa kuchipatala ndinkakuona ngati kusowa dongosolo, eti munthu m'modzi kufunsidwa dzina kanayi. Pano ndikudziwa kuti n'kwadala. Mu 2008 bungwe la WHO linatulutsa mndandanda wa mfundo 19 zoti ogwira ntchito ku fiyeta azifunsana mokweza, wodwala asanagonetsedwe, mpeni usanakhudze khungu, ndiponso asanatuluke m'chipindamo. Ndi munthu wake uyu? Ndi mbali yake iyi? Pali mankhwala omwe amamuwenga? Pali chiopsezo choti za m'mimba zilowe m'mapapo? Atauyesa m'zipatala 8 za m'maiko osiyanasiyana, chimodzi mwa izo ku Ifakara m'dziko la Tanzania, zotsatira zomwe zinasindikizidwa mu 2009 zinaonetsa kuti pa odwala 1,000 aliwonse ochitidwa opaleshoni, omwalira anatsika kuchoka pa 15 kufika pa 8. Panalibe makina atsopano kapena mankhwala atsopano. Anali anthu ophunzira kwambiri kuvomereza kuti nawonso amaiwala, ndipo kuti chomwe mnzako akuganiza kuti ukudziwa mwina sukuchidziwa.

Masabata awiri amenewo ndinali ndi nthawi yambiri yoganiza, ndipo chomwe chinkabwera m'mutu ndi phunziro la ku madrassa lomwe ndili mwana linkanditopetsa: isnad, unyolo wa anthu omwe Hadith yadutsamo. Uyu anamva kwa uyu, yemwe anamva kwa uyu. Ma ulama ngati Imam Bukhari, yemwe anamwalira mu 870, ankafufuza munthu aliyense pa unyolowo, ndipo sankafunsa funso limodzi lokha. Loyamba linali lakuti kodi ndi wolungama, woopa Allah, wosanama? Lachiwiri linali lakuti kodi amasunga mawu ndendende monga anawamvera? Ichi amachitcha dabt. Munthu ankatha kukhala woswali usiku, wosala, wokondedwa ndi mudzi wonse, koma ngati amasokoneza mawu, zomwe wanena sankazilandira mwachisawawa. Ndili mwana ndinkaona ngati n'kuuma mtima. Munthu wabwino chonchi mukumukayikira bwanji?

Pa unyolo wathu panalibe munthu woipa. Adokotala ananena zoona. Ine ndimawakonda mayi anga. Azakhali anasiya munda wawo nthawi yopalira, anagona pa simenti, anadzuka usiku kukoleza moto. Tikanati tiyeze niyyah, tonse tikanakhoza. Chomwe chinasowa ndi dabt, ndipo mphete yomwe inaduka ndi ine. Ndinalandira chiganizo chathunthu, chokhala ndi nthawi yake ndi kupatula kwake, ndikupereka liwu limodzi ndili pa chishalo cha njinga.

Ife achinyamata timakonda kunena kuti chachikulu ndi mtima. Sindikutsutsa, koma ndaona kuti nthawi zambiri timanena zimenezi pofuna kuthawa ntchito yotopetsa yochita chinthu molondola. Pa gulu la WhatsApp la banja lathu munali anthu oposa makumi awiri. Ma dua ankabwera tsiku ndi tsiku, timanja tokweza tija, ma Ameen ambirimbiri, ndipo ndikuthokoza, ankatilimbitsa. Koma mukanafunsa kuti mayi akumwa mapiritsi anji, kangati, ndipo ndi ati omwe adokotala anati aleke, sindikudziwa ngati akanapezeka awiri oyankha. Aliyense ankaganiza kuti wina akudziwa. Pomwe izi si nkhani zazing'ono: mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin kapena aspirin adokotala amayenera kuwadziwa masiku opaleshoni isanafike, mankhwala a shuga munthu akamwa osadya shuga akhoza kutsika moopsa, ndipo zitsamba zomwe timabisa poopa kukalipiridwa nazonso zimafunika kunenedwa.

Pali mbali ina yomwe sindikufuna kuilumpha. Kodi n'chilungamo kuti katundu yenseyu agwere gadiyani, mtsikana wotopa kapena mayi wa kumudzi yemwe sanapite patali ndi sukulu? NPO ndi chidule cha mawu a Chilatini. Ndani pa wodi ija akanaziwerenga? Anesi a usiku analengezadi kuti onse a opaleshoni mawa asalandire kanthu, koma nthawi imeneyo azakhali anali kokatunga madzi. Kakanakhala kapepala ka Chichewa kapena Chiyao pamutu pa bedi, mwina sizikanachitika. Izi n'zoona, ndipo ndikanakonda zitasintha. Koma ndinawaona anesi awiri akuthamanga ndi wodi yodzaza mpaka ena kugona pansi, ndipo sindingayerekeze kuti iwo akanakhala pa bedi lililonse 5 koloko mmawa. Ndiponso kulephera kwa dongosolo sikufafaniza zomwe zinali m'manja mwanga. Uthenga unafika kwa ine wathunthu. Mphindi imodzi yokha ikanakwana kuti nditsike pa njinga ija.

Nanga mawu a amalume? Anandiuzanso pambuyo pake kuti akudziwa munthu yemwe anadya mmawa wa opaleshoni ndipo ali bwinobwino mpaka lero. Ndikukhulupirira. Ambiri amapulumuka. Mwina mayinso akanapulumuka, sitidzadziwa. Koma ndikanakhala chete, iwo n'kutuluka bwino, kodi ndiye kuti ndinachita bwino? Ndikanakhala kuti ndatchova juga ndi mapapo a mayi anga, n'kuwina. Ndiponso si mayi okha omwe ndikanawalakwira. Adokotala aja akanagonetsa munthu akukhulupirira kuti m'mimba mulibe kanthu. Zikanavuta, akanakhala ndi mtembo m'manja mwawo ndi mafunso mumtima moyo wawo wonse, pa chinthu chomwe ine ndinawabisira. Akanadziwa, ali ndi njira zawo zomwe amatsata pogonetsa munthu wokhuta pakakhala ngozi yosadikira, koma njirazo amazitsata akauzidwa. Zoti zonse zili m'manja mwa Allah palibe akukana. Koma tonse tinaphunzira kuti tawakkul imabwera munthu atachita mbali yake, ndipo mbali yanga mmawa umenewo inali chiganizo chimodzi.

Musaganize kuti kunena zoona kunabwera ndi mtendere nthawi yomweyo. Mayi sanandilankhule bwino masiku awiri. Ndalama zinatha, tinakongola. Magazi omwe anasungidwa anathandiza odwala ena, zomwe n'zabwino, koma ife tinayambiranso kufunafuna. Chowawa kwambiri chinali cha azakhali. Anamva anthu a pa mabedi oyandikana akunong'onezana kuti ndi amene aja anamwetsa wodwala phala. Anamanga katundu wawo tsiku lomwelo. Ndinawatsatira mpaka pa depoti ndikuwauza kuti olakwa ndine, sindinafotokoze bwino. Anati, "Ayi, ndife osaphunzira ife," n'kukwera minibasi osacheuka. Mawu amenewo amandipwetekabe kuposa ngongole ija.

Ulendo wachiwiri usiku womaliza ndinagona pomwepo. Komabe msuweni wanga, yemwe ankandithandiza, ndinamukhazika pansi ndi kabuku, tonse tiwiri, ndikumuuza: ikakwana 12 koloko, nsima ayi, phala ayi, tiyi ayi, thobwa ayi, tende ayi, ngakhale madzi a Zamzam omwe anansi anatipatsa aja adikire, kupatula piritsi ili, 6 koloko, ndi kamadzi kongomezera. Kenako ndinati abwereze zomwe wamva. Anaseka, "Iwe, ukundiyesa mwana?" Ndinati bwereza basi. Anabwereza, ndipo piritsi analiiwala. Tinayambiranso.

Alhamdulillah, opaleshoni inayenda bwino. Mayi anatuluka cha m'ma 11 koloko, dripu kumkono, milomo youma gwaa.

Mawa lake masana ndinangoona azakhali atulukira pakhomo la wodi, fulasiki yomwe ija m'manja. Palibe anawaitana, ndipo ndalama ya minibasi sindikudziwa anaipeza kuti. Anapereka salaam, sanandiyang'ane kwenikweni. Anaika fulasiki pa lokala osaitsegula, n'kupita pa tebulo la anesi, n'kuima pamenepo mpaka m'modzi anadzutsa mutu.

"Pepani anesi. Odwala a pa bedi ilo, alamu anga. Ndabweretsa phala, mulibe mkaka. Angamwe tsopano, kapena tidikire?"

Anesi anayang'ana fayilo n'kunena kuti ayambe ndi madzi pang'onopang'ono, phala madzulo ngati sasanza. Azakhali anabwerera, anakhala pansi pambali pa bedi, fulasiki pamiyendo, n'kundifunsa kuti pa foni yanga ikuti nthawi yanji.